Kuzungulira Annapurna wapansi: mmene mungayendere masabata atatu osadzipweteka

Chibwerereni ku Nepal funso lake ndi limodzimodzi, pa WhatsApp, ku ukwati, ngakhale potuluka mu tchalitchi munthu amandikokera pambali kuti "achimwene, ulendo wa ku mapiri uja munayenda bwanji, ifenso tikufuna". Ndafotokoza kambirimbiri ndipo nthawi zonse ndimaiwala china chake chofunika, ndiye lero ndalemba kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomupatsa izi.

Ulendo wake ndi umene amati Annapurna Circuit, njira yozungulira mapiri a Annapurna. Mumayambira ku Besisahar kumunsi kotentha komwe kuli minda ya mpunga ndi nthochi, mumatsata mtsinje wa Marsyangdi kukwera midzimidzi mpaka ku Manang, kenako mumadumpha mpata wa pakati pa mapiri wotchedwa Thorong La womwe uli pa mamita 5,416, nkutsikira ku Muktinath ndi chigwa cha mtsinje wa Kali Gandaki, mapeto ake ku Pokhara. Kuti mumvetse kutalikako, Sapitwa wathu uja ali pa mamita 3,002. Ndiye kuti ku Manang, komwe ndi mudzi chabe wa anthu ndi sukulu ndi mabekale, mumagona pamwamba kuposa nsonga ya Mulanje, ndipo mumakhala musanayambe kukwera kwenikweni.

1. Sankhani mwezi kaye musanagule tikiti

Okutobala ndi Novembala ndiye miyezi yabwino, kumwamba kumakhala kuli mbee mapiri onse akuoneka, koma anthunso amachuluka ndipo zipinda zimatha msanga. Malichi ndi Epulo kulinso bwino, maluwa a m'nkhalango amakhala atamasula. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala ndi dzinja lawo, mvula yosakata, misundu m'njira, ndi nthaka yogumuka kutseka misewu. Disembala mpaka Febuluwale mpata uja umatha kutsekeka ndi chipale chofewa kwa masiku angapo. Pemphani tchuthi cha masabata atatu osachepera. Ena amaugulitsa ulendowu ngati wa masiku 10, musalole, chifukwa chake muchiona pa nambala 7.

2. Mapepala

Ife a pasipoti ya Malawi ndi ya Zambia viza timagulira pa bwalo la ndege la Tribhuvan ku Kathmandu pofika, tengani ya masiku 30 osati ya 15, ndipo khalani ndi madola m'manja. Abale athu a pasipoti ya Zimbabwe samalani, dziko lanu lili pa mndandanda wa omwe sapatsidwa viza pofika, muyenera kuipeza ku embase musananyamuke.

Mukafika pakufunika chilolezo cholowera m'dera lotetezedwa la Annapurna, amachitcha ACAP, ndipo mufunse ngati khadi ya oyenda m'mapiri yotchedwa TIMS ikufunikanso. Tengani zithunzi za pasipoti zingapo. M'njira muli malo ofufuza komwe amadinda mapepalawa, ndiye asungeni m'pulasitiki pafupi osati pansi penipeni pa chikwama. Kuyambira mu Epulo 2023 a Nepal Tourism Board analamula kuti mlendo aziyenda ndi gaidi wa laisensi. Mudzaona ena akuyenda okha, musatengere. Munthu wochokera kwathu kuno amene sanapondepo chipale chiyambire akufunika gaidi ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo.

Pepala lofunika kuposa onse ndi inshuwalansi, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amalakwitsa. Inshuwalansi wamba ya paulendo nthawi zambiri imalekezera pansi, werengani timalemba ting'onoting'ono tija muone kuti yalembedwa kuti ikukhudza kuyenda mpaka mamita 6,000 komanso kunyamulidwa pa helikopita. Popanda zimenezo mukadwala kumtunda bilu yake ndi madola masauzande, ndalama zoti banja lonse ligulitse munda.

3. Onanani ndi adokotala, ndipo yezetsani sickle cell

Izi mabuku a oyenda m'mapiri ambiri amangodumpha chifukwa owerenga awo ambiri si ife. Matenda a sickle cell alipo kwathu kuno, ndipo pali anthu ambiri omwe ali ndi mbali imodzi yokha ya matendawa, sadwala ndipo sadziwa nkomwe. Kumalo okwera kwambiri komwe mpweya ndi wochepa, munthu wotere amatha kuvulala kapamba, ululu woopsa kumanzere kwa mimba pansi pa nthiti. Kuyezetsa ndi kwa tsiku limodzi basi. Ngati muli ndi BP, shuga, asima kapena vuto la mtima, nenaninso. Funsani za mankhwala a Diamox omwe amathandiza thupi kuzolowera msanga, amachititsa dzanzi m'zala ndi kukodza pafupipafupi, ndipo si aliyense amene amayanjana nawo, ndiye musagule pa kauntala nkumangomwa chifukwa mnzanu akumwa.

4. Konzekerani pa Mulanje

Palibe sukulu yabwino kuposa yomwe tili nayo kale. Miyezi itatu musananyamuke yambani kuyenda ndi chikwama kumsana, kukwera ndi kutsika, Zomba, Dedza, Michiru, kulikonse komwe muli pafupi. Kenako pitani ku Mulanje masiku anayi kapena asanu otsatizana, kugona m'nyumba za paphiri zija, Chambe, Chisepo, Thuchila, mukwerenso Sapitwa. Chomwe mukuyesa si liwiro ayi, mukuyesa kudzuka tsiku lachinayi miyendo ikuwawa nkunyamukanso. Jombo zomwe mudzavale ku Nepal ndi zomwezi muvale pa Mulanje, jombo yatsopano ndi matuza pofika tsiku lachiwiri.

Koma dziwani kuti Mulanje akukonzerani miyendo yokha. Za mpweya sangakukonzereni, ndipo kukhala wamphamvu kapena wothamanga sikuteteza munthu ku matenda a kumtunda, obwera chifukwa cha kuchepa kwa mpweya.

5. Katundu

Musavutike kusaka majekete a chisanu ku kaunjika mpaka kutopa, ngakhale mukapeza yabwino tengani. Ku Thamel mu Kathmandu kuli mashopu ambirimbiri obwereketsa jekete yanthenga ndi sleeping bag pa mtengo wa patsiku. Zomwe muyenera kubwera nazo zanu ndi jombo, masokosi aubweya, zovala zamkati zogwira thupi zosasunga thukuta, magolovesi awiri opyapyala ndi okhuthala, chipewa chophimba makutu, tochi ya pamutu, power bank, ndodo ziwiri zoyendera, mapiritsi oyeretsera madzi, ndi magalasi a dzuwa enieni. Magalasiwa si fasho, kuwala kwa dzuwa pa chipale kumawotcha maso munthu nkukhala masiku awiri osapenya. Mafuta oteteza ku dzuwa tengani ndithu, khungu lakuda nalonso limapsa kumtunda kuja, milomo ndiye imang'ambika kumene. Jinzi ndi malaya a kotoni siyani, zikanyowa siziuma.

Ngati mwalemba wonyamula katundu, chikwama chake chisapitirire makilo 20, ndipo funsani kampani ngati ali ndi jombo, jekete ndi inshuwalansi yake. Nayenso ndi munthu, matenda a kumtunda amamugwira chimodzimodzi, ndipo ambiri amachokera kumidzi ya kumunsi osati kumapiri.

Ndalama tapani zonse ku Kathmandu kapena ku Pokhara, marupee a Nepal, tisakhale tamapepala akuluakulu okhaokha. Kumtunda musadalire ATM. Ndipo chilichonse chimakwera mtengo mukamakwera phiri chifukwa chimabwera pamsana pa nyulu kapena munthu, kutchaja foni kulipira, madzi otentha osamba kulipira, Wi-Fi kulipira.

6. Moyo wa m'midzi

Simugona m'tenti. Mudzi uliwonse uli ndi timanyumba ta alendo tomwe amati teahouse, chipinda cha matabwa, mabedi awiri, bulangete, chimbudzi chonyonyomala panja kapena kumapeto kwa khonde. Chipinda ndi chotchipa kwambiri chifukwa mwini nyumba amapezera phindu pa chakudya, ndiye lamulo losalembedwa ndi lakuti komwe mwagona ndi komwe mumadya madzulo ndi m'mawa. Kugona pano nkukadya kwa aneba ndi mwano, ndipo adzakuwonjezerani mtengo wa chipinda. Moto umakhala m'chipinda chodyera chokha, kumtunda amasonkhezera ndowe zouma za yak, ng'ombe zaubweya za kumapiri zija, ndipo ndi pomwe aliyense amaunjikana madzulo.

Chakudya chake ndi dal bhat, mpunga ndi msuzi wa nyemba zing'onozing'ono, ndiwo zamasamba ndi mbatatesi, ndipo ubwino wake amakuwonjezerani ulere mpaka mutakana nokha. Idyani chimenechi, ndi chomwe magaidi ndi onyamula katundu amadya kawiri patsiku. Mukasowa kwanu funsani dhindo, ndi nsima ndithu, yophikidwa ndi ufa wa mawere kapena chimanga kapena mbewu ina ya kumapiri, amadyanso ndi dzanja lamanja ngati ife. Tsiku lomwe ndinaipeza mayi wa panyumbapo anaima pakhomo la khitchini kundiyang'ana mmene ndimakanyira mbamu, anaitana mpaka ana ake, tinacheza ndi manja usiku wonse. Nyama ndinganene kuti isiyeni mukadutsa mudzi wa Chame, womwe uli pakati pa Besisahar ndi Manang, simudziwa kuti yayenda masiku angati popanda filiji, ndipo kutsegula m'mimba pa mamita 4,000 kumatha ulendo. Madzi a mumtsinje kapena pampopi musamwe osathira mankhwala, m'midzi ina muli malo ogulitsa madzi oyeretsedwa kale odzazira botolo lanu.

Ulemu wake ndi wosavuta kwa ife. Moni ndi namaste manja ataphatikizidwa, kumtunda kwa anthu a Chibuda mudzamvanso tashi delek. Mukapeza khoma la miyala yolembedwa mapemphero, lomwe amati mani, dutsani kumanzere kwake kuti khomalo likhale kudzanja lanu lamanja, chimodzimodzi timagudumu ta mapemphero, tizungulizeni motsata mmene wotchi imayendera. Vulani nsapato polowa m'kachisi. Musataye zinyalala pamoto wa m'nyumba ya munthu. Chakudya kapena botolo lomwe lakhudza pakamwa panu amati jutho, sapatsa wina. Pemphani musanajambule munthu, ndipo ana musawapatse maswiti kapena ndalama, zomwezi timadandaula nazo alendo akamachita kunyanja kwathu.

Chinthu chimodzi chomwe chingakupheni kumunsi komwe musanafike nkomwe pa chipale: mukamva mabelu a nyulu kapena yak zikubwera, imani mbali ya kuphiri osati ya kuphompho. Zimanyamula katundu wotambalala ndipo sizipatuka. Pa milatho yolendewera ija dikirani zidutse kaye.

7. Kukwera pang'onopang'ono, apa ndiye pagona nkhani

Masiku ano msewu wa jipi unafika mpaka ku Manang, ndipo ichi ndi chomwe chikuvulaza anthu. Munthu amachoka ku Kathmandu pa mamita 1,400, mawa lake ali pa 3,500, thupi silinafunsidwe nkomwe. Kwerani galimoto mpaka ku Besisahar, kapena ngati masiku ndi ochepa mpaka ku Dharapani, mukafikitsa ku Chame pa mamita pafupifupi 2,700, kuchoka apo miyendo. Fumbi la jipi mungalipewe potsata njira za wapansi zomwe anapaka zizindikiro zofiira ndi zoyera pa miyala. Kuchoka ku Upper Pisang sankhani njira ya kumtunda yodzera ku Ghyaru ndi Ngawal, ndi yowawa inde, chitunda cha Ghyaru chokhotakhota chija simudzachiiwala, koma imazoloweretsa thupi ndipo ndi komwe phiri la Annapurna II limaoneka bwino kwambiri.

Lamulo lake ndi ili. Mukadutsa mamita 3,000, malo ogona lero asapose a dzulo ndi mamita oposa 500, ndipo mukakwera mamita 1,000 aliwonse mupume tsiku. Chowerengedwa ndi pomwe mwagona osati pomwe munafika masana. Nchifukwa chake ku Manang mumagona masiku awiri, atatu ngati thupi likukana. Tsiku lopumalo si logona pabedi, kwerani pang'ono masana, kaya ku kachisi wakale wa ku Braga kaya ku chitunda choyang'ana nyanja ya Gangapurna, nkubwerera kudzagona pansi. Ku Manang kuli kachipatala ka Himalayan Rescue Association komwe madokotala amaphunzitsa za matenda a kumtunda masana aliwonse nyengo ya alendo. Pitani, ngakhale mwawerenga zonsezi.

Tsopano vuto lathu ife. Tinazolowera kuti mutu ukawawa ndi thupi kuphwanya timati ndi malungo kapena kutopa, timamwa panado nkupitiriza ntchito, ndipo tinaleredwa kuti mwamuna sadandaula. Kumtunda khalidwe limeneli limapha. Pamwamba pa mamita 2,500 mutu ukamawawa pamodzi ndi nseru, kusafuna kudya, chizungulire kapena kufooka kosadziwika bwino, tengani kuti ndi matenda a kumtunda. Uzani gaidi nthawi yomweyo. Musakwerenso tsiku limenelo, gonani pomwepo, imwani madzi, mowa ndi mapiritsi ogonetsa ayi. Mukadzuka muli bwino pitirizani. Mukadzuka chimodzimodzi kapena zaipiraipira, tsikani, mamita 500 okha amasintha zinthu kwambiri. Ngati pali kutentha thupi ndipo mwangochoka kumene kwathu kuno, uzaninso dokotala kuti mwachokera kudera la malungo kuti ayeze zonse ziwiri.

Pali zizindikiro zina zomwe sizidikira kuti kuche. Munthu akamabanika atangokhala pansi osachita kanthu, akamatsokomola chifuwa chonyowa mwina cha thovu, m'chifuwa mukumveka phokoso, ndiye kuti madzi akudzaza m'mapapo. Akamadzandira ngati woledzera, kuyankha zosagwirizana, kukwiya popanda chifukwa kapena kungofuna kugona, ubongo ukutupa. Muyeseni ayende mzere wowongoka chidendene chikugunda chala cha phazi linalo, akalephera musakambiranenso. Atsike pompo, kaya ndi 2 koloko usiku, ndipo asatsike yekha. Wodwala chonchi nthawi zambiri amakana kuti ali bwino chifukwa mutu womwe akanaganizira ndi womwe wadwala, ndiye gwirizanani muli ku Kathmandu komwe kuti aliyense wa inu akadzauzidwa kuti tsika adzatsika osatsutsa.

Ine zinandigwira ku Yak Kharka pa mamita pafupifupi 4,000. Mutu unkagunda ngati ng'oma, dal bhat yomwe ndinkaikonda sindinathe ngakhale theka, ndipo m'mutu mwanga munali ndalama za tikiti, tchuthi chomwe ndinachita kupempha movutikira, ndi anthu onse kunyumba omwe ndinawauza kuti ndikupita. Ndinatsala pang'ono kubisa. Gaidi wanga anangoyang'ana mbale ija nkunena kuti mawa sitiyenda. Anzathu omwe tinkayendera limodzi anapita, zinandiwawa kwambiri kuwaona akusowa pa khona, koma mawa lake madzulo njala inabwerera ndipo mutu unasiya. Mawu omwe ankandiuza tsiku lililonse ndi bistari bistari, kutanthauza pang'onopang'ono. Nchifukwa chake ndikukakamira za masabata atatu, kuti mukhale ndi masiku awiri kapena atatu apadera m'thumba. Munthu wopanda tsiku lapadera ndi amene amabisa mutu ukamawawa.

8. Tsiku la Thorong La

Usiku womaliza mumagona ku Thorong Phedi pa mamita pafupifupi 4,500 kapena ku High Camp pa pafupifupi 4,900. Ambiri amathamangira High Camp kuti mawa lifupike, ine ndimati gonani ku Phedi, masana kwerani chitunda cha High Camp nkubwerera. Tulo simupeza kwenikweni, mudzadzidzimuka usiku mukupuma mwabefu, izi zokha ndi zachizolowezi kumtunda. Ikani foni, mabatire ndi botolo la madzi mu sleeping bag kuti zisaume ndi chisanu, ndipo lipirani bilu ndi kuitanitsa chakudya cha m'mawa usiku womwewo.

Kunyamuka ndi cha m'ma 4 koloko m'bandakucha ndi tochi, cholinga mudutse pampata mphepo yamphamvu isanayambe chakumasana. Mpweya wa pamwamba paja ndi pafupifupi theka la wa kugombe la nyanja yamchere, ndiye masitepe khumi nkupuma si manyazi. Mudzaona ngati mwafika kangapo konse koma kuli chitunda china kutsogolo, musataye mtima, pofika penipeni pali mulu wa timbendera ta mapemphero tamitundumitundu, chikwangwani, ndi kanyumba ka tiyi. Jambulani, imwani tiyi, musakhalitse.

Ngati kunagwa chipale usiku kapena mitambo ikuunjikana ndipo gaidi kapena eni nyumba akuti musapite, musapite, ngakhale muone gulu lina likunyamuka. Mu Okutobala 2014, mwezi womwe aliyense amati ndi wabwino, namondwe wa chipale wobwera ndi chimphepo cha Hudhud anapha anthu oposa 40 m'dera lomweli, ambiri pafupi ndi mpatawu, alendo ndi eni dziko omwe.

Zomwe sakuuzani nzakuti kutsika ndiye kowawa. Kuchoka pampata kufika ku Muktinath mumatsika mamita pafupifupi 1,600 tsiku lomwelo, pa miyala yoterereka mwina ndi madzi oundana, mawondo akunjenjemera. Apa ndodo zija ndi pomwe zimagwira ntchito, ndipo sungani madzi ndi kachakudya ka gawo limeneli. Nchifukwa chakenso ambiri ulendowu sayambira mbali ya Muktinath, kukwera zonsezo tsiku limodzi nkoopsa pa thupi.

9. Mukatsika musathamangire basi

Ambiri akafika ku Muktinath amakwera jipi kapena kukakwera kandege ku Jomsom basi ulendo watha. Ngati masiku apadera aja atsala, yendanibe. Muktinath ndi malo opatulika kwa Ahindu ndi Abuda omwe, kuli mipopi 108 komwe anthu amasamba madzi ozizira kwambiri popemphera. Kagbeni ndi mudzi wakale wa nyumba zadothi ndi tinjira topanikiza, ku Marpha kuli maapozi ndi chakudya cha anthu a mtundu wa Thakali chomwe dziko lonse la Nepal limachitama. M'chigwa cha Kali Gandaki yendani m'mawa, ikamakwana 11 koloko mphepo ya fumbi imayamba kuwomba kuchokera kumunsi molunjika kumaso. Ku Tatopani, dzinalo likutanthauza madzi otentha, kuli akasupe oti muviike miyendo, kenako kukwera komaliza kupita ku Ghorepani ndi Poon Hill pa mamita 3,210 kukaona dzuwa likutuluka pa mapiri a Dhaulagiri ndi Annapurna.

Ndalama yothokozera gaidi ndi wonyamula katundu ipatuleni mu envelopu pa tsiku loyamba kuti isadyeke m'njira, ndipo mupatseni aliyense m'manja mwake osati kudzera mwa wina. Pakati pa tsiku lofika ku Pokhara ndi ndege yanu yobwerera kumudzi siyani masiku awiri, ndege za ku Jomsom zimalephereka kawirikawiri chifukwa cha mphepo ndipo msewu wa ku Kathmandu umatha kudya tsiku lonse.